Nsomba yaiwisi sidikira munthu

Achinyamata anzathu, tonse timadziwa chimwemwe chimene chimakhala pakhomo wina akafika atanyamula chambo kapena makumba ongovuulidwa kumene m'madzi. Ana amathamanga kukamuchingamira, ndipo ngakhale agogo amene masiku onse amakana chakudya, tsiku limenelo amafunsa ngati madzi a nsima aikidwa pamoto. Koma ambiri mwa ife tinaonaponso nsomba imene inafika m'mawa ikunyezimira, pofika madzulo itayamba fungo. Ena tinachezerapo usiku wonse m'mimba mukupota chifukwa cha ndiwo zimene tinadya mokondwera.

M'makomo ambiri ophika ndife achinyamata. Timaphikira azing'ono athu, agogo athu, ndiponso makolo kapena abale amene ali ndi kachirombo ka HIV. Munthu wamphamvu akatsegula m'mimba amachira pakapita masiku awiri kapena atatu, koma kwa mwana wamng'ono, nkhalamba, mayi woyembekezera kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, matenda omwewo akhoza kumugoneka m'chipatala. Ndi chifukwa chake taganiza zoti tikambirane za nsomba yaiwisi. Mfundo yathu ndi imodzi: nsomba imatipindulira ngati taisamala msanga ndi kuiphika mpaka ipse.

Kodi mu nsomba muli chiyani chothandiza thupi?

Ku Malawi timaphunzitsidwa kudya zakudya za magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nsomba ili m'gulu la zanyama, ndipo kwa mabanja ambiri ndiyo imapezeka mosavuta kuposa nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi. Pa magalamu 100 a mnofu wa nsomba yaiwisi, pafupifupi magalamu 18 mpaka 20 ndi zomanga thupi. Zomanga thupi ndi zimene zimakulitsa ana, kubwezeretsa minofu ya munthu amene waonda ndi matenda, ndi kuthandiza zilonda kupola. Mnofu wa nsomba ndi wofewa ndipo sulemera m'mimba, choncho wodwala amene akulephera kutafuna nyama amatha kuudya. Nsomba zing'onozing'ono monga usipa ndi matemba, zimene timadya ndi mitu ndi minga yomwe, zimatipatsanso kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linafotokoza mu 2003 kuti munthu wamkulu amene ali ndi kachirombo ka HIV koma sakudwala amafunika chakudya chopatsa mphamvu choonjezerapo ndi 10 pa 100 kuyerekeza ndi mnzake amene alibe kachiromboka. Akayamba kudwala, chofunikacho chimakwera ndi 20 mpaka 30 pa 100. Vuto ndi loti nthawi imene thupi likufuna chakudya chambiri ndi yomwenso chilakolako cha chakudya chimachepa. Apa ndi pamene ndiwo zokoma, zophikidwa mwaluso, zimathandiza, chifukwa zimachititsa kuti ntongo za nsima zitsike.

Tisaiwale kuti nsomba ndi chakudya, si mankhwala. Ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za ku Malawi mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachiromboka amayamba kumwa mankhwala posatengera kuti wayamba kudwala kapena ayi. Palibe chakudya chimene chingalowe m'malo mwa mankhwalawa. Mankhwala ndi chakudya chabwino zimayendera limodzi.

Chifukwa chiyani nsomba sichedwa kuonongeka?

Nsomba ikakhala yamoyo, imakhala ndi tizirombo tosaoneka ndi maso pakhungu pake, m'makha mwake ndi m'matumbo mwake, koma thupi lake limatha kudziteteza. Ikangofa, tizirombo timeneti timayamba kuchulukana ndi kulowa mu mnofu. Madzi a m'matumbo amene amagaya chakudya chake amayamba kugaya mimba ya nsombayo. Ichi ndi chifukwa chake nsomba yosatumbula imayamba kufewa pamimba. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. M'nyengo yotentha ya Okutobala, m'madera ngati Mangochi, Salima kapena ku Chigwa cha Shire, nsomba yosatumbula komanso yopanda ayezi ikhoza kuonongeka tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Tizikumbukiranso kuti nsomba imene tagula m'mawa padoko si nthawi zonse kuti yafa m'mawa womwewo. Ukonde wa matchera umatcheredwa madzulo ndi kukavuulidwa m'mawa, choncho nsomba imene inakodwa kumayambiriro kwa usiku imakhala itafa kwa maola angapo. Amene ali ndi dziwe la nsomba pakhomo kapena pa kalabu ali ndi mwayi, chifukwa amatha kugwira makumba kapena chilunguni pa nthawi imene akufuna kuphika.

Tingaidziwe bwanji nsomba yabwino?

Tisachite manyazi kuigwira ndi kuinunkhiza nsomba tisanapereke ndalama. Tione zinthu zisanu izi:

1. Maso: akhale owala ndi otukuka. Maso otuwa komanso olowa m'kati akusonyeza kuti nsombayo yakhalitsa.
2. Makha: titsegule chivundikiro cha pambali pa mutu. Makha akhale ofiira bwino, osati otuwa, abulauni kapena onanda.
3. Mnofu: tidinikize ndi chala pamsana. Ngati pabwerera msanga, nsombayo ndi yabwino. Ngati patsala chibowo, tiisiye.
4. Mamba: akhale onyezimira ndi ogwira zolimba, osati omangothothoka okha.
5. Fungo: nsomba yatsopano imamveka fungo la madzi basi. Fungo lowawasa kapena lobaya m'mphuno ndi chenjezo. Mimba yotupa kapena yophulika ndi chenjezonso.

Pali nsomba zina zimene sitiyenera kudya ngakhale atatipatsa ulere. Izi ndi nsomba zimene tazipeza zitafa zokha zikuyandama, zimene zaphedwa ndi katupe kapena mankhwala a m'munda, ndi zimene zili ndi zilonda pathupi. Mu 2020 matenda a zilonda a nsomba anapezeka m'boma la Mchinji. Matendawa paokha sagwira anthu, koma zilondazo zimakhala khomo la tizirombo tina timene tingatidwalitse. Tikaona nsomba zotere tidziwitse alangizi a za usodzi kapena a zaumoyo.

Tinenenso mosabisa za kagulidwe. M'madoko ena nsomba zikasowa, amayi ndi atsikana amakakamizidwa kugonana ndi asodzi kuti apeze mwayi wogula nsomba. Mchitidwe umenewu umafalitsa kachirombo ka HIV. Nsomba igulidwe ndi ndalama, osati ndi thupi. Ngati wina watiuza zotere, tisasunge mumtima. Tikanene kwa a komiti ya padoko, kwa amfumu kapena ku polisi.

Kukonza nsomba tisanaphike

Nsomba ikangofika m'manja mwathu tiichotse padzuwa. Ngati ulendo ndi wautali ndipo ayezi palibe, tiitumbule tisananyamuke, tiikulunge m'masamba a nthochi kapena m'nsalu yonyowa yoyera, ndi kuinyamula m'dengu mmene mukulowa mpweya. Jumbo yomanga pakamwa imasunga kutentha ndipo imafulumizitsa kuola.

Pokonza titsate ndondomeko iyi:

1. Tisambe m'manja ndi sopo. Ngati tili ndi bala pachala, tilimange bwino, chifukwa zipsepse za chambo ndi minga ya mlamba zimabaya.
2. Tipale mamba ndi mpeni kuyambira kumchira kupita kumutu. Mlamba ulibe mamba, koma kuterera kwake kumachoka tikaupaka phulusa kapena mchere ndi kuutsuka.
3. Ting'ambe mimba mosamala kuti ndulu isaphulike. Ndulu ikaphulika, mnofu umawawa.
4. Tichotse matumbo onse ndi makha. Ambiri timasiya makha poganiza kuti ndi mbali ya mutu, koma m'menemo ndi mmene mumakhala matope ndi tizirombo tambiri. Mutu weniweniwo tisataye, ndi umene umakometsa msuzi.
5. Tikande ndi chala magazi akuda amene amakhala motsatira fupa la msana, kenaka titsuke.
6. Matumbo ndi mamba tikwirire kapena titaye m'dzenje la zinyalala kuti asaitane ntchentche.
7. Titsuke mpeni, mbale ndi thabwa lodulirapo ndi sopo tisanayambe kudula tomato kapena zipatso.

Madzi otsukira nsomba akhale a pamjigo kapena pampopi, owiritsa, kapena othira klorini. Madzi a m'mphepete mwa nyanja kapena mtsinje, pamene anthu amasamba ndi kuchapa, akhoza kukhala ndi tizirombo ta kolera. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unayambira ku Machinga, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Pali chifukwa chinanso chopewera kuima m'madzi tikamakonza nsomba. Likodzo silibwera chifukwa chodya nsomba ayi. Tizirombo take timachokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kuwedza ataima m'madzimo. Amene waona magazi pokodza apite kuchipatala, mankhwala alipo.

Njira yoyamba: kuphika ndi msuzi

Iyi ndi njira imene timailimbikitsa kwambiri, chifukwa sifuna mafuta ambiri ndipo zabwino zonse za nsomba zimatsala mumphika. Pa chambo chimodzi chachikulu, kapena makumba atatu, tifunika tomato 3, anyezi 1, masupuni 2 a mafuta ophikira, mchere wa ayodini, theka la ndimu ndi kapu imodzi ya madzi. Adyo kapena jinja, ngati alipo, amaonjezera kukoma.

Tidule nsombayo magawo atatu: mutu, pakati ndi mchira. Tiiwaze mchere ndi kufinyirapo ndimu, ikhale kanthawi kochepa titaivundikira. Tikazinge anyezi m'mafuta mpaka afewe, tithiremo tomato mpaka asungunuke, kenaka tithire madzi. Msuzi ukawira tiikemo zidutswa za nsomba, tivundikire, ndi kuchepetsa moto. Pakatha mphindi 20 nsomba imakhala itapsa, koma mlamba kapena kampango wamkulu amafuna nthawi yoonjezerapo. Tisavundule ndi chipande chifukwa nsomba imanyenyeka ndipo minga imabalalika mumsuzi. M'malo mwake tigwire mphika mbali zonse ndi kuugwedeza pang'ono. Mafuta akasowa, tiike tomato, anyezi, nsomba ndi madzi pamodzi ndi kuphika choncho. Nsinjiro pang'ono zothira kumapeto zimalowa m'malo mwa mafuta.

Njira yachiwiri: kuotcha pamakala

Nsomba yongogwidwa kumene imakoma kwambiri ikaotchedwa, ndipo sifuna zambiri koma mchere ndi ndimu. Tiipasule kumsana kuti itambasuke, kapena tiicheke mizere itatu mbali iliyonse kuti moto ulowe mpaka pafupa. Tidikire kuti malawi azime, patsale makala ofiira. Malawi amapsereza kunja m'kati muli mwaiwisi. Tipake mafuta pang'ono pawaya kuti khungu lisamatirire. Mbali imodzi ikhale pamoto mphindi pafupifupi 10 tisanatembenuze, ndipo titembenuze kamodzi kokha. Tisaotchere pamoto woyatsira mapulasitiki kapena matabwa opaka penti. Nsomba ikapsa tisaibwezere m'mbale imene inali ili yaiwisi tisanaitsuke mbaleyo.

Njira yachitatu: kukazinga

Tiipukute nsombayo kuti iume, chifukwa madzi amachititsa mafuta kuthetheka ndi kutiotcha. Tiicheke mizere, tiithire mchere, ndipo ngati tikufuna tiigubuduze mu ufa pang'ono. Mafuta atenthe bwino tisanaiike. Mafuta ozizira amalowerera mu nsomba ndipo imamatirira pachiwaya. Tisaitembenuze mpaka mbali yapansi itafiira. Mafuta amene akazingiridwa kambirimbiri mpaka kuda ndi ofunika kutaya. Nsomba yokazinga ndi yokoma, koma si yoyenera kwa munthu amene ali ndi nseru kapena akutsegula m'mimba.

Kodi tidziwa bwanji kuti yapsa?

A WHO amalangiza kuti chakudya chitenthe kufika madigiri 70 m'kati mwake kuti tizirombo tife. M'makhitchini mwathu mulibe choyezera kutentha, koma maso athu akhoza kutiuza. Tibaye ndi mpeni pamalo ochindikala kwambiri, pafupi ndi fupa la msana. Mnofu wakupsa umakhala woyera mpaka m'kati, umagawanika mosavuta, ndipo umachoka pafupa popanda kukakamiza. Ngati ukuoneka ngati galasi, kapena pafupa pali magazi, tiibwezere pamoto. Njala isatifulumizitse. Mphindi zisanu zodikira ndi zochepa poyerekeza ndi masiku ogona pamphasa.

Pamene pakhomo pali wodwala

Kaphikidwe kathu kazitsata mmene wodwalayo akumvera.

1. Ngati ali ndi zilonda m'kamwa kapena pakhosi, tisathire tsabola, ndimu kapena mchere wambiri. Tichotse minga yonse ndi zala zosamba, tinyenye mnofuwo, tiusakanize ndi msuzi, phala, mbatata kapena nthochi zophika. Chakudyacho chikhale chofunda, osati chotentha.
2. Ngati ali ndi nseru, tiphikire panja kapena patali kuti fungo lisamufike. Timupatse pang'onopang'ono koma kawirikawiri.
3. Ngati akutsegula m'mimba, timupatse nsomba yowiritsa yopanda mafuta ambiri pamodzi ndi mpunga kapena phala, ndipo azimwa thanzi ORS ndi madzi otetezedwa. Kutsegula kukapitirira, kapena m'chimbudzi mukaoneka magazi, tipite naye kuchipatala msanga.
4. Ngati waonda ndipo wayamba kuchira, tionjezere supuni ya mafuta kapena nsinjiro m'ndiwo zake.

Ana ang'onoang'ono nawonso tiziwachotsera minga. Mwana wopitirira miyezi 6 akhoza kudya mnofu wa nsomba wonyenya bwino m'phala lake. Pogawa ndiwo, chizolowezi chopereka nsomba yonse kwa abambo, ana ndi amayi n'kutsala ndi msuzi wokha, tichisinthe. Ana, amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi odwala ndi amene akufunika kwambiri zomanga thupi.

Mbale ya nsomba ikhale ndi anzake. Nsima ya mgaiwa, kondowole kapena mpunga, masamba monga bonongwe, nkhwani kapena chigwada, ndi chipatso cha nyengo yake ngati bwemba, papaya kapena mango, zimakwaniritsa magulu ambiri pa chakudya chimodzi. Ndipo tidye pamodzi. Kachirombo ka HIV sikafala podyera mbale imodzi kapena kumwera kapu imodzi. Wodwala amene wapatsidwa mbale yakeyake pakona amadya pang'ono, pamene wodya ndi abale ake amaonjezera.

Nanga yotsala titani nayo?

Chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Ngati filiji palibe, tiphike zokwana kudya nthawi imodzi. Zikatsala tivundikire, ndipo tisanadye tiwiritsenso mpaka msuzi ubwate ndi nthunzi ituluke. Kungofunditsa sikupha tizirombo. Wodwala ndi mwana wamng'ono tiziwapatsa zophikidwa kumene, osati zogona.

Ngati nsomba zagwidwa zambiri, tisadikire kuti ziyambe kufewa ndiye tiganize zowamba. Utsi sukonza nsomba yoola. Tizipasule tsiku lomwelo, tizithire mchere, tiziwambe pamoto wa utsi mpaka ziume, ndi kuzisunga pouma, pamene ntchentche ndi makoswe sizifika. Tisathire mankhwala ophera tizirombo pa nsomba zouma. Mankhwalawo amathera m'mimba mwa anthu.

Tisiyeko za mawa

Agogo athu amasimba za nthawi imene chambo chinali ndiwo za aliyense. Lero ndi chodula chifukwa chachepa, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yaikulu ya kutha. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, choncho tikagwira mayi mmodzi m'nyengo yoswana tapha nsomba zambirimbiri nthawi imodzi. Ndi chifukwa chake boma limaletsa usodzi wa makoka ena pa nyanja ya Malawi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo anthu amapita kukaphunzirako. Ife ogula tili ndi mbali yathu. Tisagule kasawala, amene ndi ana a chambo, ndipo masikito tigonemo, tisaphere nsomba. Chambo chikasowa kapena chikadula, makumba, chilunguni, mlamba, utaka ndi usipa zimamanga thupi chimodzimodzi.

Zochita pa kalabu

Kumva kokha sikukwanira. Tikupempha kalabu iliyonse kuti isankhe tsiku lophika pamodzi, anyamata ndi atsikana omwe, chifukwa kuphika si ntchito ya atsikana okha. Tisonkhe ndalama zogulira nsomba zitatu, tigawane m'magulu atatu, gulu lililonse liyese njira imodzi. Tiitane mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu kuti adzatithandize. Tikatha kudya tikambirane mafunso awa:

1. Kodi nsomba zimene timadya kwathu zimachokera kuti, ndipo zimatenga maola angati kuti zifike pakhomo?
2. Kodi madzi amene timatsukira ndiwo ndi otetezedwa? Ngati ayi, tingachitepo chiyani?
3. Pakhomo pathu ndani amalandira gawo lalikulu la ndiwo, ndipo ndani amene akulifuna kwambiri?
4. Kodi m'mudzi mwathu muli mabanja a ana okhaokha kapena a okalamba amene tingawaphunzitse kapena kuwaphikira?
5. Kodi kalabu yathu ingathe kukumba dziwe la nsomba? Tingafunse uphungu kwa ndani?

Mutu umodzi susenza denga. Zimene mwapeza pa zokambirana zanu, komanso njira zina zophikira nsomba za kwanuko, tilembereni kuti anzathu a m'makalabu ena aphunzireko.